Mwana Wamaso Abwino Amene Saona Bwino

Kuona ndi ntchito imene diso ndi ubongo zimagwira mothandizana. Diso limalandira kuwala n'kukusandutsa timauthenga timene timayenda m'mitsempha kupita kumbuyo kwa ubongo, cha kunkhongo. Kumeneko timauthengato timasanjidwa mpaka munthu kuzindikira kuti chili patsogolo pake ndi nkhope ya amayi ake, mbale ya nsima kapena dzenje la m'njira. Ubongo ukavulala pamalo amenewa, kapena m'njira zopita kumeneko, mwana amavutika kuona ngakhale maso ake ali owala bwino, opanda ng'ala kapena chilema chilichonse. M'Chingerezi vutoli limatchedwa cerebral visual impairment kapena cortical visual impairment, mwachidule CVI. M'nkhani ino likutchedwa CVI kapena vuto la kuona lochokera mu ubongo.

M'maiko olemera monga Britain ndi United States, limeneli ndilo gwero lalikulu la vuto la kuona pakati pa ana. Kumeneko ng'ala imachotsedwa msanga, komanso makanda ambiri obadwa masiku asanakwane amapulumuka, ena a iwo ubongo utavulala. Kafukufuku wa ku yunivesite ya Bristol wotsogoleredwa ndi Cathy Williams, wosindikizidwa mu 2021, anapeza kuti m'sukulu wamba za pulayimale ku England mwana pafupifupi mmodzi mwa 30 alionse anali ndi chizindikiro china cha vutoli. Ku boma la Chadiza, kumalire a Zambia ndi Mozambique, zovulaza ubongo wa mwana n'zochuluka kuposa ku England. M'pomveka kuganiza kuti ana otere alipo m'midzi ya kwa Mlolo, kwa Zingalume ndi kwa Mwangala, kungoti amadziwika ndi maina ena: wozerezeka, wamphwayi, wamwano, wolodzedwa.

Njira ziwiri za mu ubongo

Zoti kunkhongo kuli malo a kuona zinadziwika bwino chifukwa cha nkhondo. Dokotala wa maso wa ku Japan, Tatsuji Inouye, anapima asilikali olasidwa kumutu pa nkhondo ya Japan ndi Russia ya 1904 mpaka 1905, ndipo pa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse Gordon Holmes anachita chimodzimodzi ndi asilikali a Britain. Onse awiri anaona kuti pamene chipolopolo chadutsa pamagwirizana ndi mbali imene msilikali wasiya kuona. Wovulala kumanzere kwa nkhongo sankaona za kumanja, ndipo wovulala chakumtunda sankaona zapansi. Mu 1917 George Riddoch anawonjezera mfundo yodabwitsa, yoti ena mwa asilikali otere ankazindikira chinthu chikamayenda, koma chikangoima chinkawasowa.

Za ana zinachedwa kumveka. Kwa nthawi yaitali mwana wotere ankangolembedwa kuti ndi wakhungu, ngati kuti saona chilichonse. M'zaka za m'ma 1980 James Jan ndi anzake a ku Vancouver m'dziko la Canada anaonetsa kuti ambiri a anawa amaona ndithu, kungoti kuona kwawo kumasinthasintha, ndiponso kumatha kuwonjezeka mwana akamakula.

Uthenga ukafika kunkhongo umagawikana panjira ziwiri zikuluzikulu. Leslie Ungerleider ndi Mortimer Mishkin anazifotokoza mu 1982, ndipo Melvyn Goodale ndi David Milner anazilongosolanso mu 1992. Njira yoyamba imakwera cha ku liwombo. Imeneyi imauza munthu pamene chinthu chili, imatsogolera dzanja potola sipuni ndi phazi podumpha mzere wa m'munda, komanso imathandiza kusankha chinthu chimodzi pakati pa zambirimbiri. Njira yachiwiri imatsikira m'mbali mwa mutu, cha kumakutu, ndipo ili ngati nkhokwe ya zimene munthu anaonapo kale: nkhope za abale, maonekedwe a mbuzi, zilembo, njira ya ku chitsime. Mwa ana, njira yakumtunda ndiyo imavulala kawirikawiri. N'chifukwa chake mwana angathe kuona nyerere imodzi ikuyenda pa simenti, koma n'kulephera kupeza nsapato yake pakati pa nsapato za anzake pakhomo la tchalitchi. Kwa munthu wosadziwa, zimenezi zimaoneka ngati mwanayo akuchitira dala.

Zimene zimavulaza ubongo

Chachikulu ndi kubanika pobadwa. Mayi akamva kuwawa nthawi yaitali, mwana n'kubadwa osalira, ubongo umasowa mpweya, ndipo malo a kuona ali m'gulu la malo osachedwa kuwonongeka. Kubadwa masiku asanakwane kumawononga mitsempha ya m'katikati mwa ubongo, ndipo ina mwa mitsempha imeneyi ndi yonyamula uthenga wa zapansi, choncho ana otere amapunthwapunthwa ndi kuopa kutsika pakhonde. Kutsika kwambiri kwa shuga m'magazi a khanda losayamwa bwino masiku oyamba kumavulaza kunkhongo kwenikweniko. Palinso matenda oumitsa khosi, madzi odzadza m'mutu, khunyu losaletseka ndi kuvulala kumutu pangozi.

M'chigawo cha Kum'mawa kwa Zambia muyenera kuwonjezedwa malungo a mu ubongo, amene mabuku a ku Ulaya ndi ku America satchula kawirikawiri. Zambiri zodziwika za matendawa zinapezedwa kufupi, ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anayamba kafukufuku wawo m'zaka za m'ma 1980. Kumeneko kunachokera muyeso wa kukomoka kwa ana wotchedwa Blantyre Coma Scale mu 1989, ndipo kumenekonso Susan Lewallen anafotokoza zizindikiro za malungowa zimene zimaoneka mkati mwa diso. Mwana wina akatsitsimuka pa malungo otere amadzuka osaona ngakhale pang'ono. Ambiri kuona kumabwerera pakapita masabata kapena miyezi, ndipo banja limathokoza n'kuiwala. Chimene chimatsala ndi chosaonekera msanga: patapita zaka, mwana uja ali mu giredi 2, akulephera kukopera za pa bolodi, ndipo palibe amene akukumbukira malungo aja.

Mmene vutoli limaonekera

Chizindikiro choyamba chimene makolo amatchula n'choti mwana sayang'ana munthu kumaso. Nkhope ndi chinthu chovuta kwambiri kuchiona: imasintha, imayankhula, ili ndi tizigawo tambiri. Mwana amazindikira amayi ake ndi mawu kapena fungo, ndipo mlendo akamupatsa moni amayang'ana kumbali. Pachichewa mwana wozolika pamaso pa akulu amayamikiridwa kuti ndi waulemu, choncho chizindikirochi chimabisala mosavuta mwa ana okulirapo.

Ana ambiri amene vutoli lawagwira kwambiri amakopeka ndi kuwala. M'nyumba ya mdima amangoti maso dwii pakhomo, pazenera kapena pa kabowo ka padenga. Amakonda mtundu umodzi wowala, kawirikawiri wofiira kapena wachikasu, ndipo amaona msanga chinthu chimene chikugwedezeka kapena kunyezimira. Amachedwanso kuyankha. Munthu akawaonetsa kapu, pangapite timphindi asanatembenuze maso, ndipo woonetsayo akafulumira kuichotsa amaganiza kuti mwana sanaione. Ena amayang'ana chinthu, n'kutembenukira kumbali, kenako n'kuchigwira, chifukwa kuyang'ana ndi kutambasula dzanja nthawi imodzi kumawalemera.

Chovuta koposa ndi kuchulukana kwa zinthu. Mwana amene kunyumba amayenda bwinobwino, pamsika wa pa boma amakakamira nsalu ya amayi ake, kapena amalira ndi kulusa. Pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika, pakati pa khamu, ng'oma ndi fumbi la Gule Wamkulu, mwana wotere angataye amayi ake ali chapomwepo. Phokoso limachepetsa kuona kwake, kutopa ndi njala chimodzimodzi, ndipo amene m'mawa anawerenga zilembo masana angalephere. Kusinthasintha kumeneku n'kumene kumamutengera mbiri ya ulesi.

Kuchipatala nakonso vutoli limazemba. Wopima akawalitsa tochi, mwana wa diso amachepa monga mwa masiku onse, mkati mwa diso mukuoneka bwino, ndipo mwana wokulirapo angathe kuwerenga chilembo chimodzichimodzi pa tchati cha pakhoma. Kholo limabwerera ndi mawu oti maso ali bwino, omwe ndi oona, koma funso limene linabwera nalo silinayankhidwe. Izi sizikutanthauza kuti kupimitsa maso n'kosafunika. Ana ambiri ovulala ubongo, makamaka opuwala ziwalo, amakhalanso ndi vuto lofuna magalasi kapena maso opandukira, ndipo zimenezi ziyenera kukonzedwa choyamba. Kwa anthu a ku Chadiza, malo opimira maso mozama ali ku chipatala cha Mwami cha mpingo wa Seventh-day Adventist ndi ku Chipata Central, ulendo wa makilomita pafupifupi 80 kuchokera pa boma, ndipo zovuta kwambiri zimapita ku University Teaching Hospital ku Lusaka.

Amene ayenera kuphunzira, ndi kumene amaphunzirira

Chigawo cha Kum'mawa chili ndi mbiri yonyaditsa pa maphunziro a osaona. Ku Magwero, pafupi ndi Chipata, amishonale a Dutch Reformed Church anatsegula mishoni mu 1899, ndipo mu 1905 Issie Hofmeyr anayamba kuphunzitsa anthu osaona kumeneko, koyamba m'dziko lonse la Zambia. Ella Botes anapitiriza ntchitoyo, ndipo sukulu ya osaona ya Magwero ilipo mpaka lero. Aphunzitsi a ana olumala amaphunzira ku Zambia Institute of Special Education ku Lusaka, imene inayamba mu 1971, ndi ku University of Zambia. Ku Malawi ntchito yofananayo ili ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu.

Maphunziro a aphunzitsi a osaona, padziko lonse, anakula motsata khungu la m'maso: zilembo za Braille, ndodo yoyera, zilembo zikuluzikulu, galasi lokuzira. Zimenezi n'zofunika, koma zimayankha funso la mwana amene diso lake lawonongeka. Mwana wa CVI akamukuzira zilembo koma tsamba n'kukhalabe lodzaza, sanathandizidwe kwenikweni. Iye akufuna zochepa patsamba, mpata pakati pa mawu, ndi nthawi.

Komanso woyamba kukumana ndi mwanayu si mphunzitsi wa osaona. Ndi mzamba amene anamutsitsimutsa pobadwa, namwino wa kusikelo, wazaumoyo wa m'mudzi, wamafizo amene amawongola ziwalo zake, ndi mphunzitsi wa giredi 1 wokhala ndi kalasi lodzaza, makamaka chiyambire maphunziro aulere mu 2022. Onsewa sangapite ku koleji kukaphunzira za CVI. Mwayi ulipo n'ngwoti dongosolo la maphunziro ku Zambia lili kale ndi njira yophunzirira ali pantchito, yotchedwa SPRINT, mmene aphunzitsi amakumana m'magulu pasukulu, pa zoni ndi pa District Resource Centre, pansi pa ofesi ya zamaphunziro ya pa boma (DEBS). Msonkhano umodzi wa gulu lotere ndi wokwanira kuti aphunzitsi amve zizindikiro zikuluzikulu ndi kuyamba kukumbukira ana ena a m'makalasi awo.

Mabuku ndi zida zophunzirira

Pali magwero awiri akuluakulu a nzeru pankhaniyi, ndipo wophunzira ayenera kudziwa kusiyana kwawo. Loyamba ndi la Christine Roman-Lantzy wa ku United States, amene buku lake Cortical Visual Impairment: An Approach to Assessment and Intervention linatuluka mu 2007 ndi kukonzedwanso mu 2018. Iye anasonkhanitsa makhalidwe 10 a ana otere n'kupanga muyeso wotchedwa CVI Range, woyambira pa 0 kufika pa 10, wogawidwa m'magawo atatu. M'gawo loyamba ntchito ndi yongomuyambitsa mwana kuyang'ana; m'gawo lachiwiri kuyang'anako kumalumikizidwa ndi kuchita kanthu, monga kutola kapu; m'gawo lachitatu mwana amagwiritsa ntchito maso pa zambiri koma amasokonezekabe ndi zithunzi, zilembo ndi malo achilendo. Njira imeneyi imathandiza kwambiri pa ana olumala kwambiri amene sayankhula. Akatswiri ena amaidandaula kuti makhalidwe 10 aja sakwanira ana onse.

Gwero lachiwiri ndi la Gordon Dutton, dokotala wa maso a ana wa ku Glasgow. Iye anaika mtima pa ana amene amayenda, kuyankhula ndi kupita kusukulu wamba, ndipo chida chake chachikulu ndi mafunso oposa 50 ofunsa makolo: kodi mwana amavutika potsika masitepe, kodi amaona chinthu chakutali mukamuloza, kodi amapeza chovala chake pamulu wa zovala. Yankho lililonse limaloza mbali ya ubongo imene ikuvutika ndi chimene chingasinthidwe panyumba kapena m'kalasi. Pamodzi ndi Amanda Hall Lueck anakonza buku la Vision and the Brain la mu 2015. Kwa wogwira ntchito ku Chadiza njira ya Dutton ili ndi ubwino woonekeratu, woti sifuna makina. Mafunso amtunduwu anayesedwapo kale pa ana opuwala ziwalo ku Bangladesh ndi ku Cross River m'dziko la Nigeria.

Mabuku awiriwa ndi okwera mtengo. Zaulere zili pa intaneti: bungwe la CVI Scotland lili ndi maphunziro osanjidwa bwino amene Dutton anathandiza kulemba, ndipo sukulu ya Perkins ya ku Massachusetts, imene inakhazikitsidwa mu 1829, ili ndi gawo lotchedwa CVI Now lokhala ndi nkhani ndi mavidiyo. Kwa azaumoyo pali magazini ya Community Eye Health Journal, imene inayamba mu 1988, imachokera ku London School of Hygiene and Tropical Medicine ndipo imalembedwera ogwira ntchito m'maiko osauka. Bungwe la Hesperian lili ndi Disabled Village Children la David Werner ndi Helping Children Who Are Blind, mabuku a zithunzi zambiri ndi Chingerezi chosavuta, amene ngakhale sanalembedwere CVI yokha amaphunzitsa kugwiritsa ntchito zinthu za m'mudzi. Popima kuona kwa mwana wosadziwa zilembo pali zida za Lea Hyvärinen wa ku Finland, monga makhadi a tizithunzi tinayi tosavuta ndi nkhope zojambulidwa mozilala mosiyanasiyana. Popima kakulidwe ka mwana pali Malawi Developmental Assessment Tool, imene Melissa Gladstone ndi anzake anasindikiza mu 2010 atayikonza motsata moyo wa ana a kumidzi ya ku Malawi, womwe susiyana kwenikweni ndi wa ku Chadiza.

Kusandutsa za m'buku kukhala za pakhomo

Zida zambiri za CVI zinalembedwa m'Chingerezi ndi anthu okhala m'nyumba za masitepe, magetsi ndi mashelufu a zidole. Funso la masitepe, mwachitsanzo, lilibe tanthauzo kwa agogo a m'mudzi wopanda nyumba yosanja. Wofunsa waluso amalisintha: kodi akamatsika pakhonde, kapena kulowera kudambo, amayamba wapapasa ndi phazi? Kodi akafika pamene mthunzi wa mtengo wathera amaima ngati pali dzenje? Kodi nkhuku zikamathamanga amaziona, kapena zimangomudzidzimutsa? Kodi amadya nsima ya mbali imodzi ya mbale n'kusiya inayo? Kholo silifunsidwa ngati mwana amaona, pakuti yankho lidzakhala inde. Limafunsidwa nthawi ndi malo amene amaona bwino, ndi pamene amalephera.

Pali chinthu chimodzi chimene olemba a kunja sakanachiganizira: chitenje. Khanda la ku Chadiza limakulira pa chitenje, limagona pa chitenje, ndipo chidole chake chimaikidwa pa chitenje cha maluwa ndi mizere yamitundumitundu. Kwa mwana wa CVI, sipuni yoikidwa pamenepo yasowa. Nsalu yakuda yosalemba, yoyalidwa pamphasa, imasintha zonse. Pamwamba pake pamaikidwa chinthu chimodzi chokha, cha mtundu umene mwana amakonda, ndipo chikhale chimene amachigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku: kapu yofiira ya pulasitiki, mbale yachikasu, chigubu chaching'ono. Pepala lonyezimira la mkati mwa paketi, lomangidwa pa sipuni, limakopa maso. Tochi ya foni, yowalitsidwa pa chinthucho kuchokera kumbuyo kwa mwana, imalowa m'malo mwa bokosi lowala lamagetsi limene mabuku amatchula. Wailesi izimitsidwe, ndipo wothandizayo akhale chete n'kudikira, zimene akulu ambiri zimawavuta kuposa china chilichonse. Mwana wovutika kukhala tsonga ayambe wakhazikidwa motsamira bwino, chifukwa mphamvu zikathera pa kudzigwira, za kuona zimachepa.

M'kalasi mfundo ndi yomweyo. Mwana akhale kutsogolo, kumbali imene amaona bwino, osayang'anizana ndi zenera. Bolodi lifufutidwe bwino pasanalembedwe zatsopano, ndipo khoma lozungulira bolodilo lisadzaze matchati. Powerenga, kapepala kolimba kobooledwa pakati kamaphimba tsamba lonse n'kusiya mzere umodzi kapena liwu limodzi. Zokopera pa bolodi zilembedwe pa pepala la pa desiki lake. Mphunzitsi ndi anzake azitchula maina awo pomulankhula, ndipo pa bwalo la masewera mnzake mmodzi wovala chowala angakhale chizindikiro chake. Nthawi ya asembule ndi yotuluka, pamene ana onse amathamangira pakhomo limodzi, mwanayu atuluke poyamba kapena pomaliza. Lamulo la Persons with Disabilities Act la 2012 limapatsa mwana wolumala ufulu wa maphunziro pamodzi ndi anzake, ndipo zosintha ngati zimenezi sizifuna ndalama.

Chotsala ndi kulemba. Mwana amene anabanika pobadwa, anabadwa masiku asanakwane, kapena anakomoka ndi malungo kapena matenda oumitsa khosi, mbiri imeneyo ilembedwe pa khadi la kusikelo, ndipo namwino aziifunsa za kuona ulendo uliwonse. Potumiza mwana ku Mwami kapena ku Chipata, kalata inene zimene makolo ndi mphunzitsi aona, ndi zitsanzo zake, komanso itchule kuti akukayikira vuto lochokera mu ubongo, kuti wopima asalekezere pa diso lokha. Ngati mwana ali ndi khunyu, mankhwala ake atchulidwe, pakuti khunyu losagwidwa bwino limabweza m'mbuyo kuona, ndipo mankhwala ena amagonetsa. Mphunzitsi nayenso asunge tsamba limodzi lonena mtundu umene mwana amakonda, mbali imene amaona bwino, kukula kwa zilembo zimene amawerenga ndi zimene zimamusokoneza, aziliwonjezera teremu iliyonse, ndipo lipite ndi mwanayo kwa mphunzitsi wa giredi yotsatira.